Insipekita wa nyumba asamangokhala munthu wa chidindo

Anzanga nkhani iyi yandikhala pamtima kwa nthawi. Tikamamanga nyumba timalimbana ndi mmisiri, timawerenga matumba a simenti mpaka usiku, koma munthu amene amabwera kudzayendera ntchito n'kusayina kuti zonse zili bwino palibe amamufunsa kuti kodi inuyo munaphunzira kuti.

Ine ndinaonapo insipekita wina atafika pa saiti konkire atathira kale dzulo lake, anangozungulira kamodzi manja m'thumba, kugogoda chipilala ndi kiyi wa galimoto, basi wasayina. Ndiye waona chani pamenepo? Zitsulo zabisika mkati, sangadziwe ngati anaika zokwanira, ngati anazimanga motalikirana bwino, ngati konkire yaziphimba mokwanira kuti zisadzachite dzimbiri. Pulasitiki yotchinga chinyezi ija akaiwala pa fandeshoni mudzadziwa mochedwa, penti itayamba kusupuka m'munsi mwa khoma. Insipekita wophunzira bwino amabwera dzenje la fandeshoni lisanakwiriridwe, amabweranso konkire asanathire, ndipo amafunsa zotsatira za timabuloko ta konkire tija amakatiphwanya ku labu pakatha masiku 28. Izi suzidziwa pongokhala m'kalasi sabata imodzi ayi, pamafunika kuponda matope pa saiti uli pambuyo pa munthu wodziwa.

Ku England zinatengera moto wa Grenfell Tower ku London mu 2017, anthu 72 kumwalira, kuti adzidzimuke. Anapanga lamulo la Building Safety Act mu 2022, ndipo kuyambira 2024 insipekita wa zomangamanga ayenera kulembetsa ndi kuyesedwa, kenako amaikidwa m'kalasi malinga ndi nyumba zomwe angazikwanitse. Wa kalasi 1 ndi wophunzira, sagwira yekha. Kulembetsako kumatha pakapita zaka 4, ukapangenso. Pomwe ku California, ku America, munthu woyendera nyumba yomwe ukufuna kugula safunika n'komwe layisensi ya boma, zodabwitsa eti.

Kwa ine satifiketi ya moyo wonse ndi yosathandiza, zipangizo zimasintha, malamulo a magetsi amasintha, munthu azibwerera ku mayeso. Komanso layisensiyo izitheka kulandidwa. Khoma likang'ambika chaka chisanathe tisamangothamangitsa mmisiri yekha, dzina la amene anasayina lija lili pa pepala, ayitanidwe adzafotokoze kuti tsiku limenelo anaona chani.