Mnzako wowerenga naye azikutsutsa

M'sukulu za Ayuda zotchedwa yeshiva, holo yowerengeramo imakhala phokoso lokhalokha. Ophunzira amakhala awiriawiri, buku la Talmud, la malamulo ndi ziphunzitso za chipembedzo chawo, lili pakati pawo. Mmodzi amawerenga mokweza n'kunena m'mene wamvera. Mnzakeyo amamufunsa kuti zimenezo wazitenga pamzere uti, ndipo amakokana mpaka atagwirizana kapena atadziwa bwinobwino pomwe akusiyana. Njira imeneyi dzina lake ndi havruta.

Ine ndikuona kuti omwe anaitengera ku maphunziro a uphunzitsi anaganiza bwino. Ku Brandeis University, ku America, Elie Holzer ndi Orit Kent ankakhazika awiriawiri anthu ophunzira uphunzitsi, kuti ayambe ailawa okha asanakaipereke kwa ana. Kent ataunika zokambirana zawo anapeza kuti maluso ake amayenda awiriawirinso: kumvetsera ndi kufotokoza, kufunsafunsa ndi kukhazikika pa mfundo imodzi, kuchirikiza mnzako ndi kumutsutsa.

Kutsutsako ndi kumene kwandigwira mtima. Talmud yomweyo imasimba za Rabbi Yochanan ndi mnzake wowerenga naye, Resh Lakish. Resh Lakish atamwalira, Yochanan anasweka mtima, ndipo anzake anamutumizira katswiri wina, Elazar ben Pedat, kuti amutonthoze. Chilichonse chomwe Yochanan wanena, katswiriyu ankangomupezera mawu omuvomereza. Yochanan anadandaula kuti Resh Lakish ankamupanikiza ndi mafunso 24, iye n'kuyankha mayankho 24, ndipo nkhaniyo inkakula n'kumveka. Zoti akulondola ankazidziwa kale. Chomwe ankachisowa ndi munthu womutsutsa.

Ambirife tikamva za kuphunzira ndi anzako timakumbukira mphunzitsi akuti “khalani m'magulu”, kenako mwana mmodzi wochenjera akulemba, ena asanu akucheza za mpira. Havruta ilibe pobisala. Muli awiri basi, ukakhala chete ntchito yaima. Komanso wopambana si wamawu okwera, chifukwa nonse mumabwerera ku mzere uja kukaona chomwe ukunenadi.

N'chifukwa chake ndikuti ziyambire kwa aphunzitsi. Mphunzitsi amene sanatsutsidwepo ndi mnzake pa ndime yomwe ankaganiza kuti waimvetsa, mwana akadzamuuza kuti “aphunzitsi, ine ndamva mosiyana”, adzangoona mwano. Koma amene anakhalapo pampando uja, nkhope itatentha, n'kuona maganizo ake akuwongoka chifukwa cha funso la mnzake, adzamuuza mwanayo kuti aloze pomwe wawerenga.

Zovuta zilipo, sindikukana. Kalasi yodzaza imasokosa, ndipo ana ena amanyazi amafunika nthawi. Koma zofunika zake ndi zochepa: ndime imodzi yaifupi yokhala ndi nkhani yokoma kukangana, anthu awiri, ndi mphunzitsi woyendayenda akumvetsera osathamangira kupereka yankho. Ngakhale ndime yolembedwa pabolodi ikhoza kukwanira. Ndikanakonda makoleji a aphunzitsi atayamba ndi ophunzira awo, pa ndakatulo kapena ndime ya mbiri yakale, asanawatumize kukayeserera kuphunzitsa.