Ulendo wa kunyanja yamchere tiukonze m'chilimwe, osati m'dzinja

Abale anga a kuno ku Chipata, chaka chilichonse nyengo ya tchuthi ikamayandikira ndimamva mabanja ndi magulu a abwenzi akupangana zokwera galimoto kupita kukaona nyanja yamchere ku Mozambique, ndipo pafupifupi onse amatchula mwezi wa Disembala. Cholinga chawocho ndimagwirizana nacho ndi mtima wonse, chifukwa ife obadwira m'dziko lopanda gombe tiyenera kukaonetsa ana athu madzi amene amangowawerenga m'mabuku a kusukulu. Koma mwezi umene amasankhawo sindigwirizana nawo, ndiponso sindikondwera ndi mmene mapulani ambiri amayambira. Anthu amayamba ndi kusankha malo ogona okongola amene awaona pa Facebook, kenako n'kumafinya mtunda wonse kuti ukwane m'masiku amene atsala. Ine ndikuti tiyambe takambirana za nyengo ndi za msewu, ndipo za malo ogona zibwere pambuyo.

Ndikudziwa chimene chimakopa anthu ku Disembala. Ana amakhala atatsekera sukulu, maofesi ambiri amapumira Khirisimasi, ndipo abale a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amakhala atabwera kumudzi. Komabe limeneli ndi dzinja, ndipo dzinja la kugombe la Mozambique silifanana ndi lathu la kuno. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe. Namondwe wa Idai anagunda mzinda wa Beira mu Malichi 2019, ndipo madzi osefukira anadula msewu wa N6 umene umalumikiza Beira ndi Chimoio. Namondwe wa Eloise anafika kudera lomwelo mu Januwale 2021. Namondwe wa Freddy anatulukira kumtunda pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale 2023, asanabwerenso mu Malichi kudzera ku Quelimane n'kukasakaza kum'mwera kwa Malawi. Malo amenewa ndi omwewo amene mapulani athu amatchula. Wina anganene kuti onsewa anabwera Disembala atatha, koma amene wanyamuka pa Khirisimasi amabwerera mu Januwale, ndiponso namondwe wa Chido anagunda kumpoto kwa dzikolo mkatikati mwa Disembala 2024. Ngakhale popanda namondwe, mvula wamba yokha imadzaza maenje a mumsewu ndi madzi, mwakuti woyendetsa sangadziwe kuti dzenje ili n'lakuya bwanji kufikira tayala litalowamo.

Palinso nkhani ya kumunda, imene ife a kum'mawa kuno sitingaiiwale ngakhale tili pa ntchito za m'tauni. Disembala ndi mwezi wopalira ndi wothira feteleza, ndipo ndalama zimene zinali m'thumba zimakhala zitalowa m'nthaka, pomwe fizi ya ana ikudikira mu Januwale. Koma pofika Ogasiti chimanga, soya, mtedza ndi thonje zimakhala zitagulitsidwa, ana ali pa tchuthi, mitsinje yaphwa, ndipo kutentha sikunafike poipa. Ndi nyengo yomweyi imene anangumi amadutsa m'mphepete mwa gombe la Inhambane, pomwe alendo a ku South Africa, amene amadzaza malo ogona ndi kukweza mitengo pa Khirisimasi, amakhala ochepa. Amene alibe ana a sukulu angapite mu Seputembala. Okutobala ndimamuopa chifukwa cha Tete, mzinda wa m'chigwa cha Zambezi umene kutentha kwake kumapyola madigiri 40, kumene madzi a m'chigubu amafunda musanafike patali ndipo chiwongolero chimaotcha manja galimoto ikaima padzuwa kwa ola limodzi.

Tsopano msewu. Kuchoka ku Chipata mumatsata Great East Road mpaka ku Katete, n'kukhotera kum'mwera kupita ku malire a Chanida, amene tsidya linalo amatchedwa Cassacatiza. Kuchoka pamenepo ndi ulendo wautali wa m'tchire mpaka ku Tete, kumene mumawoloka Zambezi. Mukatero mumatsata N7 kudutsa Changara, Guro ndi Catandica mpaka kukakumana ndi N6 pafupi ndi Chimoio, ndipo pa mphambano ya Inchope mumasankha kupitirira ku Beira kapena kukhotera kum'mwera pa N1 kulowera ku mtsinje wa Save, Inhassoro, Vilankulo, Maxixe ndi Inhambane. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Vilankulo kokha ndi makilomita opitirira 1,200. Ine ndimawerengera masiku atatu opita ndi atatu obwerera: kugona ku Tete, kugona ku Chimoio, kenako kufika kunyanja dzuwa lisanalowe. Achinyamata ena amati masiku awiri akwana chifukwa foni yawauza maola a ulendowo, koma kudalira maola a pafoni kuli ngati kugula nsapato za mwana osamuyeza phazi. Foni siwerengera mzere wa mathiraki pa malire, maenje a mumsewu, malo amene apolisi amaimitsa magalimoto, kapena mwana amene wadwala m'mimba panjira.

Chimene chimandichititsa kukakamira masiku atatu kwenikweni ndi mdima. Amene anayendapo m'misewu imeneyi chakumadzulo akudziwa zimene zimaoneka kutsogolo kwa galimoto dzuwa likangolowa: bambo wokankha njinga yonyamula matumba a makala opingasa, amene m'lifupi mwake atenga theka la msewu ndipo alibe nyali ngakhale imodzi, mbuzi zogona pa tala chifukwa ndi wofunda, ndi thiraki lowonongeka limene chizindikiro chake ndi nthambi za mtengo zoikidwa pamsewu. Nthawi yomweyo nyali za thiraki lina lochokera kutsogolo zikukuthobwani m'maso. Munthu amene wanyamula mkazi wake, ana ake ndi apongozi ake alibe chifukwa chodziika m'zimenezi. Dzukani m'bandakucha, yendani kukadali kozizira, ndipo pofika 4 koloko masana mukhale mukufunafuna pogona. Ngati pali oyendetsa awiri azisinthana, ndipo amene ali ndi chiwongolero tsiku limenelo asakhudze mowa ngakhale anzake akondwe chotani.

Chigawo chimene chimafuna kusamala koposa ndi cha pakati pa Inchope ndi mlatho wa Save. Midzi ndi yotalikirana, malo omwetsera mafuta ndi ochepa, ndipo msewuwo wakhala ukudziwika ndi maenje kwa zaka zambiri. Kupeza siteshoni sikutanthauza kuti muli mafuta, kapena kuti makina a khadi akugwira ntchito. Lamulo langa ndi lakuti thanki ikafika pa theka ndimwetse pa siteshoni yoyamba imene ili ndi mafuta, osadikira yotsika mtengo kapena yooneka bwino. Ku Chimoio dzazani thanki ndi chigubu chimodzi chapadera, ndipo mukhale ndi ndalama za ku Mozambique, ma metical, m'manja, chifukwa kwacha yathu kumeneko sigula ngakhale nthochi. Matayala a sipeya akhale awiri, jeki muiyese muli kunyumba, ndipo mutenge pampu, chingwe chokokera, fosholo ndi madzi akumwa okwanira aliyense kwa masiku awiri. Galimoto ipite kwa makanika kutatsala milungu iwiri kuti munyamuke, kuti chimene wakonza muchiyese m'misewu ya kuno, kumene angathe kuchibwereza. Ndimadandaula ndikaona munthu akutulutsa galimoto ku galaja madzulo, m'mawa mwake n'kulunjika ku Chanida ndi banja lonse.

Za mapepala sindichulutsa mawu. Pakufunika mapasipoti a onse, ana omwe, white book (chikalata cha umwini wa galimoto), chilolezo cha Interpol chotulukira nayo kunja, ndi kalata ya mwini wake ngati galimotoyo si yanu. Pa malire mumalembetsa galimoto kuti ilowe kwa kanthawi ndipo mumagula inshuwalansi ya ku Mozambique. M'galimoto mukhale ma triangle awiri ndi chovala chonyezimira, ndipo m'matauni ndi m'midzi musapyole liwiro la makilomita 60 pa ola. Mwayi wathu ndi wakuti nawonso amayenda kumanzere ngati ife.

Chichewa chidzakuthandizani kuchokera pa Cassacatiza, pakuti anthu a kumeneko ndi abale athu omwe timakumana nawo ku Mkaika pa Kulamba, pansi pa Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo, ndipo ku Tete mudzamvanako ndi olankhula Chinyungwe. Kupitirira apo zilankhulo zimasintha, ndipo mudzafunika Chipwitikizi chochepa cha moni, manambala, mafuta, madzi ndi chipatala. Abale amenewa, pamodzi ndi oyendetsa mathiraki amene amaima pa Katete, ndiwo ayenera kufunsidwa za mmene msewu ulili mlungu umene mukunyamuka, chifukwa iwo anadutsamo dzana.

Nyanja yeniyeniyo nayonso ili ndi nthawi zake, ndipo apa ndi pamene ife ozolowera madamu ndi mitsinje tiyenera kudzichepetsa. Madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndipo amakwera kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Ku Vilankulo madzi akaphwa amabwerera kutali ndithu. Mabwato a matanga amatsala atagona cham'mbali pamchenga, zingwe zake zili lende, ndipo amayi amayenda ndi mabeseni pamene panali nyanja, akutola nkhanu ndi nkhono. Pakapita maola ochepa malo onsewo amakhala atamira. Mwana amene watsatira amayiwo n'kutanganidwa ndi zigoba angatembenuke n'kupeza madzi atadzaza kale pakati pa iye ndi gombe. Choncho tsiku loyamba funsani asodzi kapena eni malo ogona nthawi imene madzi akwere, ndi malo amene ali abwino kusambira, chifukwa pali malo ena amene madzi amakokera munthu kukati ngakhale pamwamba pakuoneka bata. Ulendo wa pabwato wopita ku zilumba za Bazaruto nawonso umatsata madzi ndi mphepo, ndipo mwini bwato akati lero sitipita, musamukakamize chifukwa choti inu mwatsala ndi tsiku limodzi. Muonetsetsenso kuti aliyense wavala jekete loyandamitsa musanachoke pagombe.

N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti papulani pakhale tsiku limodzi kapena awiri opanda chochita. Tsiku limenelo ndi la tayala lophulika, la mphepo yoletsa bwato, kapena la agogo amene msana wawakana atakhala m'galimoto masiku atatu. Misewu yambiri yochoka pa N1 kupita ku magombe akutali ndi ya mchenga wokhawokha, yofuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ndiponso kuchepetsa mpweya m'matayala, ndipo amene ali ndi galimoto yaing'ono asachite manyazi kukhala m'malo amene tala amafika. Malungo aliko chaka chonse, kotero maneti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu apite nanu, ndipo aliyense amene watentha thupi akayezetse tsiku lomwelo. Kunyumba musiyeko munthu mmodzi, kaya ndi amalume kapena alamu, amene akudziwa kumene mugone usiku uliwonse ndipo akuyembekezera uthenga wanu madzulo alionse, pakuti pali zigawo zimene netiweki imasowa kwa nthawi yaitali. Kumpoto kwenikweni, ku Cabo Delgado, musakuike papulani, chifukwa kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017.

Tsono mukawerenga bwino, ulendo wa ku Vilankulo umafuna masiku osachepera khumi kuti ukhale waphindu: asanu ndi limodzi a msewu, atatu a kunyanja, ndi limodzi losungira. Amene ali ndi masiku anayi kapena asanu okha ndimawapempha kuti asaufinye ulendowu, koma atembenukire ku Malawi kudzera pa malire a Mwami. Kudzera ku Mchinji ndi Lilongwe mumafika ku Salima ndi Senga Bay tsiku lomwelo, ndipo msewu wa M5 umakutengani m'mphepete mwa nyanja ya Malawi kudutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche mpaka ku Nkhata Bay, mukugona pamalo ena usiku uliwonse ndi kugula chambo kapena usipa m'chilankhulo chanu chomwe. Kumenekonso chilimwe ndicho chabwino, chifukwa milatho ya msewu umenewo imavutika ndi madzi m'dzinja, ngakhale mu Ogasiti mphepo ya mwera imatha kuvundula nyanja mwakuti osamba ndi okwera bwato ayenera kumvera asodzi. Popeza mafuta amasowa nthawi zina ku Malawi, mudzaze thanki kuno ku Chipata musanawoloke malire.