Mayiko a mabomba a nyukiliya asamanyanyalitsane pa lamya

Dzulo madzulo, tikuusa mvula pa Katoto, mnzanga wina anandifunsa chifukwa chimene ndimavutikira ndi nkhani za mabomba a nyukiliya pamene Malawi alibe ngakhale limodzi. Ndinamukumbutsa mmene mtengo wa feteleza unakwerera kuno ku Mzuzu nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, chikhalirecho palibe bomba la nyukiliya limene linaphulika.

Mtsogoleri wokonda nkhondo sandiopsa kwambiri ngati mmene umandiopsera uthenga wochedwa kapena wosokera. Mu Okutobala 1962, America ndi Soviet Union zitatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha mizinga imene inaikidwa ku Cuba, kalata ya mtsogoleri wa Soviet Union, Nikita Khrushchev, inatenga maola pafupifupi 12 kuti ifike ndi kumasuliridwa kwa mtsogoleri wa America, John Kennedy. Mantha amenewo ndiwo anachititsa kuti pa 20 Juni 1963, ku Geneva, mayiko awiriwa agwirizane zokhazikitsa njira yolumikizirana mwachindunji pakati pa Washington ndi Moscow. Anthu ambiri amaganiza kuti inali lamya yofiira, koma anali makina otumiza mawu olembedwa, ndipo ine ndimaona nzeru pamenepo, poti munthu akamalemba mtima umayamba watsika.

Chimene chinachitika pa 25 Januwale 1995 n'chimene sindichiiwala. Asayansi a ku Norway ndi America anaulutsa roketi yofufuzira kuwala kwa mlengalenga, ndipo dziko la Norway linali litadziwitsiratu Russia, koma uthengawo sunafike kwa asilikali oyang'anira makina a rada. Iwo ataona chinthucho anachiyesa mzinga wochokera m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, mpaka chikwama cholamulira zida za nyukiliya chinatsegulidwa pamaso pa mtsogoleri wa Russia wa nthawiyo, Boris Yeltsin. Panalibe mkangano tsiku limenelo, panalibe wofuna nkhondo. Kalata chabe inagona mu ofesi ina.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chokana kuyankhulana pofuna kuonetsa mkwiyo. Mu Febuluwale 2023, America itawombera chibaluni cha China, akuluakulu a ku Beijing anakana kuyankha lamya ya nduna ya zachitetezo ya America ya nthawiyo, Lloyd Austin, ndipo mwezi womwewo Russia inalengeza kuti yaimika kutenga nawo mbali m'pangano la New START, limene linkalola America ndi Russia kuyenderana n'kumawerengerana zida. Kwathu kuno banja likasokonekera, mwamuna ndi mkazi atha kutha sabata osapatsana moni, koma ankhoswe sasiya kukumana, ndipo palibe amene amati nkhoswe yagonja chifukwa yapita kukamva mbali inayo.

India ndi Pakistan, ngakhale amenyana kangapo, pa ichi asunga kanthu kabwino. Kuyambira 1992, pa 1 Januwale chaka chilichonse amapatsana mndandanda wa malo awo a nyukiliya, ndipo mu Meyi 2025 kumenyana kwa masiku anayi kunaima akuluakulu a asilikali atayankhulana pa lamya yawo yapadera. Komabe mu Malichi 2022 mzinga wa BrahMos unachoka mwangozi ku India n'kukagwa ku Mian Channu, tauni ya ku Pakistan, ndipo India inatenga masiku awiri isanavomere poyera. Mwayi wake mzingawo unalibe bomba ndipo sunaphe munthu, koma kwa masiku awiri amenewo asilikali a Pakistan anasiyidwa kuti adziganizire okha tanthauzo lake.