Mwana musiyeni akwere, koma kabati imangeni kukhoma

Makolo anzanga, kukalipira mwana wa zaka 2 kuti asiye kukwera mipando n'kutaya malovu chabe. Ine ndakalipa, ndaopseza, ndanyengerera. Kamnyamata kanga ndimakatsitsa patebulo kambirimbiri tsiku limodzi, koma ndikangotembenuka kabwerera pompo, kakundiyang'ana n'kumaseka.

Chimene chinanditsegula m'maso chinachitika masana ena ndikupinda zovala pabalaza. M'nyumba munangoti zii, ndipo amene munalerapo mukudziwa kuti mwana wa msinkhu umenewu akati zii ndiye kuti zinthu zavuta. Nditasuzumira kuchipinda ndinapeza atakoka madirowa atatu a kabati ya zovala, lapansi kwambiri, lachiwiri pang'ono, lachitatu pang'ono zedi, makwerero enieni. Anali ataponda lachiwiri, dzanja likufufuza foni yanga imene ndinaika pamwamba dala kuti asaifikire. Miyendo yakumbuyo ya kabati inali itanyamuka kale. Mmene ndinafikira pamenepo sindikumbuka, ndinangozindikira phewa langa latchinga kabati, mwana ali m'khwapa, zovala zili mbwee pansi. Iye analira chifukwa ndinamusokonezera masewera. Ine ndinakhala pansi, mawondo akuwombana.

Nditawafotokozera apongozi anga madzulo ake, anangoseka. "Musadandaule inu, mwana amachenjera akagwa. Bambo akewo anakula ndi zotupa pamphumi." Sindinawatsutse pamaso, ndipo mbali ina akunena zoona. Mwana akagwa pasofa amalira, mumamupepesa, mawa amatsika mosamala. Koma pali kugwa kuwiri kumene timakuphatikiza. Kwina mwana amagwa kuchokera pampando. Kwina mpandowo, kabati kapena TV ndi imene imagwera mwana. Kwachiwiriku palibe chimene mwana amaphunzirapo, chifukwa ena sadzukanso.

Kabati imaoneka yolemera moti munthu sungaganize kuti kamwana ka makilogalamu 12 kangaisunthe. Chinsinsi chili m'madirowa. Akatsekedwa, kulemera konse kumakhala pakati pa miyendo inayi. Mukawakoka, ndi zovala zake zomwe, kulemerako kumasamukira kutsogolo kwa miyendo yakumaso. Ndiye mwana akalendewera kunsonga kwa dirowa, sakunyamula kabati ayi, akungoipendeketsa, ndipo ikapendekeka pang'ono yotsalayo imamaliza yokha. Pakapeti imagwa msanga kuposa pasimenti, poti pansi pake m'pofewa. Choopsa kwambiri n'chakuti kawirikawiri sipamveka phokoso. Thupi la mwana ndi zovala zimameza chiphokoso chonse, kabati n'kumupsinja pachifuwa, iye osatha kupuma kapena kukuwa. Inu muli chipinda chinacho mukuti mwana wagona.

Anthu akamva ngozi yotere amathamangira kunena kuti, "Nanga amake anali kuti?" Funso limeneli limandinyansa. Amake anali kubafa, kapena anali mtulo mbandakucha mwana atadzuka yekha. Palibe kholo limene lingapenyetsetse mwana usana ndi usiku osaphethira. Ku America anayamba ndi kuuza makolo kuti azisamala, kenako anaona kuti zimenezo zokha sizikupulumutsa ana. Mu June 2016 kampani ya mipando ndi makabati ya IKEA inaitanitsa kuti abwezedwe makabati a madirowa pafupifupi 29 miliyoni m'dzikomo, kuphatikizapo a mtundu wa Malm, ana ang'onoang'ono angapo atafa makabatiwo atawagwera. Chaka chotsatira mwana wina wa zaka 2 ku California anafanso ndi kabati ya mtundu womwewo, ya madirowa atatu okha, yosafika ndi mita imodzi yomwe kutalika kwake. Anali atamugoneka masana. Mu 2020 kampaniyo inavomera kulipira banjalo madola 46 miliyoni, koma ndalama sizinadzutsepo mwana.

Makolo oferedwa ndiwo anakakamira mpaka lamulo lotchedwa STURDY linasainidwa mu December 2022. Kuyambira pa 1 September 2023, kabati ya zovala yatsopano yotalika masentimita 69 kapena kuposa siiloledwa kugulitsidwa m'dzikomo isanayesedwe: amatsegula madirowa, amaikamo zolemera, amaiimika ngati ili pakapeti, n'kukolekapo cholemera makilogalamu pafupifupi 27, ngati mwana akukwera. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti opanga malamulo anavomereza kuti mwana adzakwera basi, ndiye chofunika kusintha ndi kabati. Tsono lamulolo ndi la dziko limodzi, ndi la katundu watsopano. Kabati imene ili kuchipinda kwanu, kaya munagula kale, kaya munapatsidwa, kaya anakukhomerani kalipentala, palibe anaiyesapo.

Kuimanga si ntchito yoti mpaka kuitana akatswiri. Bambo a mwanayu anamaliza makabati awiri ndi shelefu ya mabuku m'mawa umodzi. Pamafunika timabulaketi tachitsulo topindika pakona, kapena malamba olimba opangira ntchito imeneyi, awiri pa kabati iliyonse, wina uku wina uku, chakumwamba. Mbali ya kabati mumange pathabwa lenileni. Kathabwa kopyapyala kakumbuyo kaja kamang'ambika ngati katoni. Mbali ya khoma, ngati ndi la njerwa, boolani, ikanimo pulagi, kenako sikuluwu. Ngati ndi khoma la mabodi, funani pamene padutsa mtanda wa mkati. Msomali wokha umazuka. Zomangira zapulasitiki zopyapyala nazo sindizikhulupirira, zimauma pakapita nthawi n'kuthyoka osaonetsa. Mukamaliza, kokani kabatiyo ndi mphamvu zanu zonse ngati mukufuna kuigwetsa. Ikagwedera, simunamalize.

Mnzanga wina anandiuza kuti sangaboole khoma poti nyumba ndi ya lendi. Ndinamufunsa ngati anawapemphapo eni nyumba. Sanawapemphe, amachita manyazi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Timabowo tiwiri timatsekeka tsiku losamuka, ndipo ngati akanadi, kabatiyo itulutseni m'chipinda chimene mwana amagona kapena kusewera yekha, chitseko chake chizikhala chokhoma.

TV ndiye musaiiwale. Zakale zamimba zija kulemera kwake kuli kutsogolo, kugalasi, ndipo tikagula yatsopano timakonda kusamutsira yakaleyo kuchipinda n'kuikhazika pamwamba pa kabati ya madirowa. Pamenepo mwasanjikiza misampha iwiri. Zatsopano zopyapyalazi ndi zopepukirapo koma timiyendo take n'tating'ono, mwana akangokoka chingwe yabwera, ndipo imafikira kumutu. Ikhomereni kukhoma kapena imangeni ndi lamba kumbuyo.

Ndivomerenso kulakwa kwanga. Ndinkaganiza kuti kuika chinthu pamwamba ndiko kubisa. Foni, rimoti, chidole chimene ndamulanda, zonse pamwamba pa kabati, iye akuona. Kumeneko kunali kumuitana kuti akwere. Masiku ano chimene sindifuna kuti agwire ndimachiika pamene sachiona n'komwe, ndipo zolemera zonse zili m'madirowa apansi. Sofa ndi bedi tinazichotsa pafupi ndi zenera, chifukwa mpando wapansi pa zenera ndi makwerero ena. Zenera la m'mwamba lisamatseguke kupitirira masentimita 10, ndipo sefa yotchinga udzudzu siingagwire mwana. Madokotala a ana amalangizanso kuti mwana akafika masentimita 89 achoke m'kabedi kamipanda kaja, poti amayamba kudumpha mpandawo, komanso kuti wosakwana zaka 6 asagone pamwamba pa bedi yosanja.

Kukwera kwenikweniko ine sindikuletsanso, ndipo apa ndi pamene ndimasemphana ndi makolo ena. Mwana amene wangophunzira kuyenda thupi lake limafuna kudziwa mphamvu zake. Mukamutsekereza paliponse adzakwera muli kwina, pamalo pamene simunasankhe inu. Bola kumupatsa pake. Ife tinamusiyira sofa ndi makhushoni pansi, tebulo la ngodya zakuthwa tinalikankhira kutali. Tinamuphunzitsa kutsika chafutambuyo, mimba itagunda mpando, miyendo patsogolo. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, n'chifukwa chake akasuzumira pansi amatsogoza mutu. Zinatenga masiku ambiri tikumutembenuza ndi manja n'kumati, "Miyendo kaye, bambo." Pano amadzinenera yekha akamatsika. Patebulo lodyera ndi pamashelefu ndimamutsitsabe, mosakuwa, n'kumulozera kusofa. Ndikakuwa amaona ngati ndi masewera, ndiponso mwana wodzidzimutsidwa ali pamwamba ndi amene amagwa.

Amagwabe, inde. Akalira nthawi yomweyo, n'kutonthola, n'kubwerera kumasewera, ndimaika kansalu kozizira pachotupa ndi kumuyang'anira tsiku lonselo. Koma mwana akakomoka ngakhale pang'ono, akamasanza mobwereza, akamavuta kudzutsa, akamaphupha, akamayenda dzandidzandi, kapena m'khutu kaya m'mphuno mukamatuluka magazi kapena madzi, musadikire kuti kuche, thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzi ngati chinthu cholemera chamugwera pachifuwa kapena pamimba, ngakhale kunja asaoneke bala.

Kwathu tinamanga zonse, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa mwana sakhala kwathu kokha. Kwa apongozi kuli kabati yaitali ya magalasi, yodzaza mbale, yoima pa timiyendo tinayi towonda, ndipo mdzukulu wawo amaiyang'ana ndi maso amene ndimawadziwa bwino. Ndakhala ndikusowa poyambira, poti si ine woti ndikalamule m'nyumba mwawo. Sabata yatha ndinangowaonetsa kanema wa ana amapasa a ku Utah, ku America, amene anafala pa intaneti kumayambiriro kwa 2017, wina kabati itamugwera, mbale wake wa zaka 2 akulimbana nayo kuikankha mpaka anamuwombola. Anaonera kawiri osalankhula. Kenako anafunsa ngati choboolera khoma chija chikadali kwathu. Mwana wawo akupita nacho Loweruka.