Ejiofor anayambira pa siteji

Zikomo alembi chifukwa cha nkhani ya katswiri wa zisudzo ndi mafilimu Chiwetel Ejiofor, koma mwathamangira ku filimu ya 12 Years a Slave ngati kuti munthuyu anayambira pomwepo mu 2013. Ayi ndithu. Luso lake analisulira pa siteji ku London. Mu 2007 anasewera ngati Othello, mu sewero la Shakespeare, ku nyumba ya zisudzo ya Donmar Warehouse, chaka chotsatira n'kulandira mphotho ya zisudzo ya Olivier. Chipsera cha pachipumi chija simunachitchulenso: anachipeza pa ngozi ya galimoto ku Nigeria ali ndi zaka 11, ngozi yomwe inapha bambo ake.

Ineyo chimene chinandigwira mtima ndi filimu ya William Kamkwamba ya 2019. Anaiwongolera yekha, anadzaijambulira ku Kasungu konkuno, ndipo anaphunzira Chichewa kuti asewere ngati Trywell, bambo ake a William. Ena amadandaula kuti Chichewa chake n'chopotoka. N'zoona, mawu ena lilime limamulemera, koma anayesetsa. Pamene bambo aja akulima munda wouma gwa, khasu likungodzutsa fumbi, mayi anga anasiya kusenda mtedza, nati, "Njala ya 2002 ija ndi imeneyi." Sanayankhulenso mpaka filimu inatha.