Munaseka chiyani Loweruka lija?

Masiku atatu tsopano ndikudzigwira kuti ndisalembe, koma zakanika. Mtima ukungowira ngati mphika wa nyemba. Amene ziti zikukhudzeni musandiyimbire foni, ingowerengani.

Loweruka lapitali kunali konsati ya bandi ya ana pasukulu ina kuno ku Mangochi. Dzina la sukuluyo sindilitchula chifukwa aphunzitsi ake sanandilakwire chilichonse. Ana ake ndi oti agwira malipenga koyamba teremu yatha yomweyi, ena lipenga likuchita kuwaposa msinkhu. Mwana wa achemwali anga ali m'gulu lomwelo, mtsikana wa Sitandade 7, ndiye ndinapita ngati malume, nditavala malaya anga a ku ukwati, thukuta lili kamukamu. Nyimbo ya fuko anaimba mwapang'onopang'ono ngati munthu wowoloka mtsinje wosaudziwa, koma anafika nayo kutsidya. Nyimbo yachiwiri ili pakati, kamnyamata ka trombone, lipenga lokoka lija, kanakoka mopitiriza. Linalira ngati mbuzi yomangidwa pa kabaza, chimenecho ndivomere. Anzake anasokonezeka, wa ng'oma yaikulu anapitirira yekha du du du, aphunzitsi anakweza dzanja, onse zii. Anati tiyambirenso. Nkhani yonse ndi yomweyi basi.

Ndiye holo yonse inangofa nalo phwete.

Ana anzawo sindikuwanena, mwana amaseka chilichonse. Ndikunena akuluakulu a imvi zawo. Bambo wina amene anakhala kutsogolo kwanga anagwira pamimba, dzanja linalo atakweza foni kujambula, akugwedezeka mpaka mpando kulira. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti mutibwezere ndalama zathu, chonsecho pakhomo tinalowa ulere tonse. Ulere! Anthu anasekanso kachiwiri, kuseka nthabwala ya mayiyo, ana ali chiimire kutsogolo, malipenga ali m'manja, akuyang'ana pansi. Kamnyamata kaja kanaluma mlomo, misozi ili lengelenge. Pofika madzulo kanema anali atafika kale pa gulu lathu la WhatsApp, atamudula bwinobwino, masekondi okhawo amene mwana anaphonya, pansi pake tinkhope toseka mpaka misozi tili ndandanda. Nyimbo ya fuko ija palibe anaijambula. Nyimbo yachitatu, imene anaimba osaima, palibe anaijambula.

Ndikufunsa, munaseka chiyani?

Woyamba kuphunzira amaimba ngati woyamba kuphunzira. Chodabwitsa n'chiyani pamenepa? Munabwera kudzaona ana amene ayamba dzulodzuloli, pakhomo panalembedwa kuti oyamba kumene, ahedi ananenanso pamaso panu kuti oyamba kumene, ndiye mumayembekezera bandi ya apolisi? Mwana wanu atayamba kuyenda anagwa kangati? Munamujambula n'kumutumiza pa gulu? Atayamba kulemba dzina lake, S akumutembenuza chammbuyo, munaitana anansi kudzaseka? Nanga lipenga lalakwa chiyani?

Ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga, inu amene munaona masekondi khumi. Malipenga pasukulupo ndi ochepa, limodzi amagawana ana atatu, ndipo kunyumba salola kupita nalo. Chimene mwana wa achemwali anga amabwera nacho ndi kachitsulo kakukamwa kokha, kaja kokhala ngati kakapu, atakamanga pa kansalu ngati ndalama ya agogo. Akamaliza kutsuka mbale amakakhala kuseri kwa bafa, n'kumapemerera kachitsuloko, prrrr, prrrr, mpaka nkhuku zinazolowera. Sabata ziwiri zoyamba milomo inatupa, pakati pa mlomo wam'mwamba panachita kamzere kofiira kozungulira. Nsima yotentha amadya akupepesa mlomo. Amayi ake anati asiye, iye anakana. Tsiku limene anatulutsa liwu loyera koyamba anathamanga mpaka kwanga, akupuma wefuwefu, "Amalume, lero latuluka!" Liwu limodzi. Mwezi wathunthu kusaka liwu limodzi.

Inu amene munagwira pamimba, ndikupatseni lipengalo. Ndikupatseni pompano. Mudzafufuma masaya, maso adzatong'oka, chotuluka ndi mphepo ndi malovu basi. Lipenga silili ngati wezulo ya referee yoti ukangouzira yalira. Liwu limachokera pa milomo ya woimbayo, milomo iyenera kunjenjemera mkati mwa kachitsulo kaja, chitsulo chonsecho ntchito yake n'kungokweza. Mabatani ali atatu okha, koma manotsi onse a nyimbo atuluke pa atatu omwewo, ndiye kuti batani limodzimodzi lomwelo litha kukupatsa liwu lapansi kapena lapamwamba kutengera ndi momwe wamangira milomo. Ukamasula pang'ono chabe wagwera kwina. Trombone ndiye ilibe ndi batani lomwe. Pali malo 7 oimikapo chokokacho, osalembedwa, opanda chizindikiro, mkono ndi khutu ndizo zikuuze kuti ima apa. Ndipo malo akutaliwo mkono wa mwana wa zaka 12 umachita kufikako movutikira. Kamnyamata kaja kanapitiriza mwina ndi chala chimodzi. Chala chimodzi, pamaso pa holo yodzaza, manja akunjenjemera, kutentha kwa Mangochi kuno koti ngakhale malipengawo akatentha tchuni chake chimakwera chokha. Inu n'kumati mutibwezere ndalama.

Munaseka mwana chifukwa akuphunzira. Palibenso dzina lina loti tiziyitchula nkhaniyi. Munaseka mwana chifukwa analimba mtima kuima kutsogolo pamene inu munakhala pampando.

Inde ndikudziwa, zipangizo n'zakale, mabatani amamatirira mpaka aphunzitsi kuthiramo mafuta a makina osokera, Expressive Arts m'sukulu zambiri imathera pa bolodi, mphunzitsi mmodzi ana gulu lonselo. Zimenezo tidzakamba tsiku lina. Lero ndili ndi inu.

M'mera mpoyamba. Mwambi umenewu timautchula pa misonkhano ya makolo mpaka kutha nawo malovu, koma mmera ukatuluka ndife oyamba kuuponda. Mumadziwa kuti mwana akasekedwa pagulu sabwereranso? Ife akuluakulu tikasekedwa timakamwa tiyi n'kuiwala. Mwana amanyamula. Tikuchokera kuholoko tinayenda chete mpaka pafupi ndi mlatho, mwana wa achemwali anga uja ali patsogolo, kansalu kaja akukapotokola m'manja. Kenaka anatembenuka.

"Amalume, kodi tinaimba zoipa kwambiri?"

Ndinati iyayi mwanawe, munaimba bwino, pamene panavuta mpamodzi pokha.

"Nanga anthu aja amaseka chiyani?"

Ndiyankheni inu. Ine ndinasowa chonena, ndinangomugulira zitumbuwa. Lolemba m'mawa anauza amayi ake kuti mutu ukumupweteka, ndipo tonse tikudziwa kuti si mutu. Kamnyamata ka trombone kaja ndamva kuti anzake ayamba kale kukatchula Mbuzi, chifukwa kanema uja anafika m'mafoni a makolo, ana n'kumaonera. Dzina limenelo lidzakatsata mpaka ku sekondale. Amene munadula kanema uja, mwagona bwino?

Chimene chikundinyansa kwambiri n'choti ndife a ku Mangochi. Beni timavina kuno uyu anachokera kuti? Agogo athu anaona asilikali ndi mabandi awo nthawi ya atsamunda, ena anapita okha kunkhondo, atabwerako anayamba kutsanzira perete ndi ng'oma zawo, mawezulo, mayunifolomu osoka okha ndi mamendulo a zitsekerero. Panalibe anawaphunzitsa manotsi. Anzathu a ku Nkhata Bay anachita kupanga malipenga a zipanda, mpaka gule wawo dzina lake ndi lomwelo, malipenga. Tsiku loyamba mukuganiza zinamveka bwanji? Akanakhala ndi anthu ngati inu m'mbali, atanyamula mafoni, bwenzi lero tilibe beni woti tizivinira alendo ku malo ogona a m'mbali mwa nyanja. Lero mdzukulu wawo wagwira lipenga lenileni lachitsulo, limene iwo ankangoliona patali, inu mwamuseka.

Pafupi pompa pa Balaka, Alleluya Band inayamba mu 1978, anyamata achichepere a pa tchalitchi ndi zoimbira zosalongosoka. Ndi angati mwa inu amene munakula mukuvina nyimbo za ku Balaka? Anyamata awiri a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya ku Lilongwe ndi babatoni yopanga okha, anthu akuwadutsa, lero akukwera ndege kukaimba ku Ulaya, ndipo ndinu nomwe mumagawana zithunzi zawo n'kumalemba kuti Malawi wathu. Akatchuka ndi Malawi wathu. Akamayamba ndi mbuzi.

Chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira pa Nkopola pompa, tinkadandaula kuti oimba onse ndi ochokera kutali, a kuno ntchito yathu n'kugulitsa ziboliboli pageti. Ukwati ukachitika timaitanitsa bandi ku Blantyre, kulipira mayendedwe ndi malo ogona, n'kumang'ung'udza kuti Mangochi kulibe luso. Luso lichokera kuti? Ligwa ndi mvula? Livuuka m'nyanja ngati usipa? Bandi ya apolisi ikamadutsa mumsewu mumasiya malonda n'kumaithamangira pambuyo, ana ali kumsana. Aliyense mwa azibambo ndi azimayi amenewo analirapo ngati mbuzi tsiku lina. Aliyense. Kusiyana kwake n'koti panalibe wowajambula.

Ndiye mawa mudzaimirira pa msonkhano wa makolo, mutavala nkhope ya chisoni, kuti ana a masiku ano sakonda sukulu, anyamata akuthawira kunyanja kukakoka makoka, ena akungolota za ku Joni, atsikana akukwatiwa ali aang'ono. Pano papezeka ana amene amatsalira pasukulu masana dzuwa lili pamutu, anzawo ataweruka, njala ili m'mimba, kuti aphunzire do re mi. Palibe wawakakamiza. Palibe alawansi. Tsiku limodzi lokha limene anakupemphani kuti mubwere mudzawaone, mwawachita chipongwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kapena mwambi umenewu unatha ntchito mafoni atabwera?

Wina pa gulu paja, nditalemba kuti chotsani kanemayu, anandiyankha kuti achimwene musakhale ouma mtima, n'zongoseka chabe. Zongoseka kwa ndani? Mwanayo anaseka nawo? Amayi ake, amene anakhala mzere wachitatu atafunda chitenje kumutu ndi manyazi, anaseka nawo? Nthabwala imakoma onse akamaseka. Mmodzi akamalira dzina lake ndi lina. Wina anati kusekedwa kumalimbitsa mwana. Chabwino, bwerani Lamulungu kapena Lachisanu kumene mumapemphera, muyambitse nyimbo kapena muwerenge pagulu, muphonye, ife tijambule titumize. Tione ngati mulimbe.

Sindikunena kuti tiziwanamiza ana. Sindinaimirire n'kunena kuti zinali zokoma ngati za pa wailesi. Panali pophonya pambiri, ng'oma imathamanga, zitoliro zimalira tswii pena ndi pena. Aphunzitsi awo akudziwa, anawo akudziwa kuposa ife tonse. Chimene ankafuna kwa ife n'chaching'ono, kukhala chete masekondi ochepa kuti ayambirenso, kenaka kuwomba m'manja pomaliza. Ulere womwe uja. Ngakhale zimenezo zinatikanika. Ndipo aphunzitsi aja, Mulungu awadalitse, sanatembenuke n'komwe kutiyang'ana. Anawerama pang'ono, anayang'ana kamnyamata kaja m'maso, anagwedeza mutu, n'kuwerenga wani, thu, fili, folo. Ana anayambiranso, milomo ikunjenjemera, anamaliza. Ana a zaka 12 anatiposa ulemu holo yonse.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi izi. Pa pulogalamu panalembedwa 1 koloko. Ana anafola 12 koloko, atavala mayunifolomu, ena obwereka. Mlendo wolemekezeka anatulukira cha m'ma 3. Maola onsewo ana ali panja padzuwa, malipenga akutentha m'manja osagwirika, chifukwa akuti mlendo akamafika amulandire ndi nyimbo pageti. Atafika, mawu. Wapampando wa komiti mawu, woimira makolo mawu, woimira woimira mawu, aliyense kuyamba ndi kulonjera mmodzimmodzi onse a kutebulo lapamwamba. Mlendoyo anayankhula mpaka ana awiri anakhala pansi ndi chizungulire, akuti boma ndi makolo tigwirane manja potukula luso la achinyamata. Atamaliza anayang'ana wotchi, ananong'oneza ahedi, n'kunyamuka ndi anthu ake nyimbo yoyamba isanayambe. Milomo ya ana inali itauma kale gwa, ndiye muzidabwa kuti lipenga laphonya.

Mabotolo a Fanta ndinawawerenga, kreti yathunthu kutebulo lapamwamba, ena anatsala osatsegula n'kulowa m'galimoto. Oimbawo anauzidwa kuti akamwe kumjigo.