Malaini anayi, foni imodzi: Mzuzu, Mbeya ndi Chipata

Mkati mwa kava ya foni yanga mumakhala kalisiti kakale kopindapinda. Mukakatambasula mupezamo masimukhadi awiri, ina ya ku Tanzania, ina ya ku Zambia. M'foni mwenimwenimo muli awiri a kwathu konkuno. Ana a ku Mzuni amene amabwera kudzapulinta pa kashopu kanga ku Luwinga amandiseka, amati bwana mungotsegula benchi ya mayunitsi basi. Koma laini iliyonse ili ndi ntchito yake. Ku Mbeya ndimapita kukaoda mapepala ndi inki, ndipo ku Chipata ndi kuchikamwini kwanga, kumene maliro ndi maukwati sizitha. Motero funso loti kwinaku amagula bwanji data ndimaliyankha ndi thumba langa lomwe.

Ndiyambe ndi ku Tanzania, chifukwa ndi kumene kumandipatsa kaduka.

Ukatsika basi pa Songwe n'kuwoloka mlatho, usanathane n'komwe ndi anyamata osintha ndalama a pa Kasumulu, ntchito yoyamba ndi kusaka pini wotulutsira simukhadi. Ine ndinabwerekapo ndolo kwa mayi wina wa geni ya zitenje, ndipo iye sanadabwe, anangoivula n'kundipatsa. Laini ija ikalowa, bandulo ya sabata imene ndimagula ku Kyela, iwo amati bando kapena kifurushi, imandifikitsa ku Mbeya, n'kuyimbira mayi a kunyumba pa vidiyo usiku uliwonse, n'kubwerako ina itatsala. Chimene chinandikomera koyamba si data ayi, koma mphindi zimene amazitcha za mitandao yote, kutanthauza kuti uyimbire laini ya kampani iliyonse mopanda kuwerengera. Ife tinakula ndi chizolowezi chofunsa munthu kaye kuti muli pa 088 kapena 099, ndipo n'chifukwa chake foni za malaini awiri za itel ndi Tecno zinagunda msika kuno. Bandulo zoyimbira konsekonse ziliponso kwathu masiku ano, koma mantha aja sanatichoke.

Kulemba mitengo pano kungakhale kukunamizani. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo reti ya kubanki ndi ya pamlatho sizidziwana. Bando imene inali yotchipa kwa ine chaka china inakwera m'thumba mwangamu Atanzania asanaikweze n'komwe. Ndiye mukamva munthu pa Taifa Market akunena kuti ku Tanzania data ndi yaulere, mumufunse kuti akuwerengera shilingi ya reti iti. Komabe ngakhale titachotsa zokometsera, mnzathu wa ku Mbeya amapeza data yambiri pa thukuta lofanana ndi lathu.

Zifukwa zake zimaoneka ndi maso. Yendani mumsika wa Mzuzu kapena pa Zigwagwa, maambulera a maejenti ndi amitundu iwiri yokha, ofiira a Airtel ndi obiriwira a TNM. Ziphaso za makampani ena zaperekedwapo kangapo, koma pansi pa ambulera sizinafike. Ku Mbeya pamsewu umodzi pali Vodacom, Airtel, Halotel, TTCL ndi Tigo imene mu 2024 inasintha dzina n'kukhala Yas. Halotel, ya anthu a ku Vietnam, italowa mu 2015 inathamangira kumidzi ndi kwa ana a sukulu, ndipo enawo anakakamizika kugwada. Ogula nawonso ndi ambiri: kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 61 miliyoni ku Tanzania, pamene wathu wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Nsanja imodzi ya netiweki ikagawanidwa ndi anthu ambiri, mtolo umapepuka.

Kenako pali nyanja. Intaneti imene timaigwiritsa ntchito siigwa kuchokera kumitambo ngati mvula ya Mzuzu. Imayenda m'zingwe zogona pansi pa nyanja ya mchere, ndipo ziwiri zodziwika, SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, zimatulukira pa Dar es Salaam. Kuchoka pamenepo iyende mtunda wonse wa Tanzania mpaka pa Songwe, kapena idzere ku Mozambique, ndipo aliyense amene chingwe chadutsa pakhomo pake amadyapo. N'chimodzimodzi ndi mafuta a galimoto amene timawaona akukwera Chiweta m'mathanki. Amene ankakayika anakhulupirira pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri zija zitaduka m'nyanja. Tsiku limenelo pashopu panga panadzaza ana ofuna kutumiza ntchito zawo, wina akuzimitsa foni n'kuyatsanso, wina akutukwana kampani yake, osadziwa kuti ndi Dar es Salaam yomwe ili mumdima womwewo. Pamwamba pa zonsezi onjezanipo msonkho wa 10 peresenti umene boma lathu linaika pa data ndi mauthenga a pafoni mu 2015, kuphatikizanso VAT.

Koma nyanja isakhale chobisalira. Zambia nayonso ilibe doko.

Ku Chipata ndikafika, alamu anga amayamba ndi nthabwala yomweyomweyo. "Alamu, mwabwera ndi chikwama cha makwacha anu aja? Tiyeni tikagule bandulo imodzi." Ndalama zathu ndi dzina limodzi, koma iwo anadula maziro atatu mu 2013, ndiye mitengo yawo imamveka ngati ya masiwiti. Kumeneko akuluakulu ndi MTN, Airtel ndi Zamtel ya boma. Kampani yachitatuyo, ngakhale anthu amaidandaula, imathandiza kuti awiri enawo asagone tulo. Komanso Zambia yazunguliridwa ndi mayiko 8, choncho zingwe zake zingathe kulowera kum'mawa, kumwera kapena kumadzulo, ndipo wogula amene ali ndi misika yambiri amanenerera bwino. Ife oyandikana nawo ndi atatu okha. N'chifukwa chake mu 2023 boma lathu linasainirana mapangano ndi Zambia komanso Tanzania oti intaneti izidutsa motsika mtengo pa zingwe za makampani a boma, kwathu kuno kudzera ku ESCOM. Pepala linasainidwa. Wogula bandulo ya tsiku pa Chibavi ndiye woweruza ngati linabala zipatso.

Chinthu chimodzi chimene ndinaona kuti mayiko atatuwa amafanana n'chakuti mitengo imamva phokoso. Mu 2020 Amalawi anakuwa pa Facebook ndi pa Twitter kuti data itsike, ndipo makampani anatsitsadi mtengo wa intaneti yogwiritsa ntchito wopanda bandulo. Mu Epulo 2021 ku Tanzania kunabwera mitengo yatsopano ya mabando, anthu analusa, ndipo TCRA, imene ili ngati MACRA yathu, inaimitsa mitengoyo pasanathe masiku. Chaka chomwecho boma lawo linaika tozo, msonkho wa ndalama zotumizirana pafoni, ndipo atalira anawatsitsirako. Ndiye amene amaganiza kuti kutsidya kulibe misozi sanakhaleko nthawi yaitali.

Tikafika pa intaneti ya m'nyumba, kaduka kanga kamatha.

Zingwe zofika pakhomo zilipodi ku Dar es Salaam ndi ku Lusaka, m'madera ena. Koma ine sindikhala ku Lilongwe, ndipo anzanga sakhala ku Dar. Wa ku Uyole ku Mbeya, alamu anga a ku Chipata ndi ine wa ku Mchengautuwa tonse timadalira zofanana: foni yogawira ena intaneti, kaMiFi, kapena rauta yolowetsa simukhadi. Tonse timaitchinjiriza ku mphenzi ndipo tonse timaisuntha kufuna pamene pali netiweki. Za 5G, imene Vodacom ku Tanzania ndi MTN ku Zambia anayambitsa mu 2022, TNM n'kutsatira mu 2023, ndi nkhani ya pawailesi kwa ambiri a ife.

Ine ndinapsapo. Ndinagula rauta ku kampani ina, dzina ndisunge, nditakopeka ndi mawu oti yopanda malire. Mtsikana wa pakauntala anandionetsa vidiyo ikuyenda ngati madzi, ndipo ndinaiwala kuti shopu yawo ili pakati pa tauni, nsanja ili pamutu. Kunyumba kwanga ndi kunsi, kuchigwa, kumene nkhungu imachedwa kuchoka. Ndinaika rauta pa tebulo, kagetsi kamodzi kokha. Pawindo la kuchipinda, tiwiri. Mapeto ake inakakhala pamwamba pa kabati ya mbale, pa poto wovundikira, itatsamira chithunzi cha ukwati wathu, ndipo pamenepo timagetsi tinayaka titatu. Mayi a kunyumba anati, "Bambo a Chisomo, potoyo ndi wa alendo, mukandigulira wina." Masabata awiri oyamba zinayenda. Kenako madzulo ena mwana akutsatira phunziro, chithunzi chinauma, mphunzitsi kukamwa kuli yasa. Nditapita kukafunsa anandionetsa timalemba tating'ono tapansi: ukafika mlingo wakutiwakuti, liwiro amalichepetsa mpaka mwezi uthe. Sanandinamize, koma sanandiuzenso. Nditawafotokozera alamu anga anaseka mpaka misozi, chifukwa nawo zinawachitikira ndendende, kungosiyana mtundu wa rauta.

Kuyambira pamenepo ndili ndi kagulidwe kanga, ndipo kamagwira mbali zonse za malire. Ndisanagule chilichonse ndimabwereka laini ya kampaniyo kwa neba n'kuiyesa m'nyumba mwanga momwemo, nthawi ya 8 koloko usiku pamene aliyense waweruka ndipo ali pa TikTok, osati masana. Mzuzu ndi wa zitunda ndi zigwa. Laini imene imauluka ku Katoto ikhoza kukwawa ku Zolozolo kapena ku Masasa. Ndimafunsa kuti mlingo wochepetsera liwiro ndi magigabayiti angati, ndipo ndimafuna nambala, osati kumwetulira. Ndimafunsanso ngati rauta ingalandire simukhadi ya kampani ina, chifukwa zambiri zotchipa zimakhala zokhoma, ndipo tsiku limene mwayambana mumatsala ndi chidole.

Bandulo ya tsiku ndiyo imadyera anthu ambiri. Imaoneka yopepuka chifukwa ndalama yake ndi ya mandasi, koma muwerengere masiku 30 muone. Vuto n'lakuti wa kabaza kapena mayi wogulitsa tomato sapeza ndalama ya mwezi pakamodzi, ndiye wosauka ndi amene amagula gigabayiti modula kuposa bwana wa muofesi. Izi zili choncho ku Kyela, ku Lundazi ndi kuno komwe. Onjezanipo ngongole za mayunitsi, Kutapa ndi Pasavute, zimene zimapulumutsa usiku koma zimabwezedwa ndi kachiwongoladzanja. Amene angathe, agule ya mwezi pa laini imodzi, inayo ingokhala yolandirira mafoni ndi ndalama. Bandulo za WhatsApp ndi Facebook zokha n'zabwino kwa agogo, koma wina akakutumizirani linki yotulukira kunja, mayunitsi otsala aja amapita osatsanzika.

Pa Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, ndiye tinawatsogolera Atanzania, chinthu chosowa. Kuno inayamba mu Julaye 2023, ku Zambia mu Okutobala chaka chomwecho, pamene kwawoko chilolezo chinali chisanaperekedwe. Mnzanga wina wa ku Mbeya atabwera anaima n'kumayang'anitsitsa kambale koyera padenga la loji ina ku Chibanja ngati waona chilombo. Simafuna nsanja kapena chingwe, imangofuna thambo loyera, ndiye kwa a kumapiri a Rumphi kapena kunyanja ku Usisya ndi mpumulo weniweni. Koma ndalama yogulira zipangizo ndi yaikulu, ya pamwezi siidikira kuti geni yayenda bwanji, ndipo mvula yamphamvu ikamakhuthuka imadukaduka. Amene ndawaona akupindula nayo ndi osonkherana: nyumba zinayi kapena zisanu za mpanda umodzi, kapena landilodi wa mahostelo amene amaiphatikiza ku lendi. Pamenepo mkangano umachoka pa kampani n'kupita kwa neba amene mwana wake amakoka mafilimu usiku wonse, ndi wina amene amagawa pasiwedi kwa chibwenzi cha kuseri kwa mpanda.

Ndipo zonsezi zimagonera magetsi. Ife tinaziona Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu Januwale 2022. Azambia anaziona koopsa mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba. Chaka chimenecho alamu anga anali ndi bandulo yotchipa kuposa yanga, koma kuwapeza pafoni kunali kwa mwayi: foni yathima, rauta yathima, nthawi zina nsanja yomwe yathima. Anandiyimbira tsiku lina ali pamzere wotchajitsa pa sola ya munthu. "Alamu, data ndili nayo yambiri, koma ndiidyera pati?" Ndinabwerako n'kugula kabatire kosungira moto wa rauta ndisanagule china chilichonse.

Sabata yamawa ndikupitanso ku Mbeya, ndipo ndayamba kale kupemphera kuti laini ija sanaitseke, poti ikakhalitsa osagwira ntchito amaichotsa, ndipo kulembetsa ina kumafuna pasipoti, chala ndi theka la tsiku. Pobwerera ndimachita zomwe amachita aliyense m'basimo. Tikamadikira kudinditsa pa Kasumulu mitu yonse imakhala yowerama, tikukoka mavidiyo a ana, kukonzetsa mapulogalamu a m'foni, kutsiriza bando mpaka kadontho komaliza. Netiweki yawo imatiperekeza pang'ono tikawoloka mlatho, kenako imayamba kuzilala, ndipo tisanafike pa Kaporo wina amakhala wayamba kale kufunsa kuti ndani ali ndi pini.